Kuyendetsa Galimoto Yamphamvu Mvula Ikugwa

GAWO LOYAMBA: MPHAMVU YA INJINI NDI KUGWIRA KWA TAYALA

Galimoto iliyonse, yotchipa kaya yodula, imakhudza msewu pa malo anayi okha, pomwe matayala agunda phula. Malo aliwonse mwa anayiwo kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Mphamvu yonse ya injini, ntchito yonse ya mabuleki ndiponso kukhota konse kwa chiwongolero zimadutsa pamenepo. Mvula ikagwa, madzi amalowa pakati pa tayala ndi phula, tayala n'kuyamba kugwira mofooka. Koma mphamvu ya injini siichepa chifukwa choti kunja kwanyowa. Apa ndi pamene pagona vuto la magalimoto amphamvu othamanga kwambiri, amene amatchedwa sports car.

Mphamvu ya injini amaiyeza mu horsepower. Toyota Vitz ya injini ya lita imodzi ili ndi horsepower pafupifupi 70. Porsche 911 Carrera yomwe inatuluka mu 2019 ili ndi 385. Ford Mustang GT ya injini ya malita asanu imapitirira 400, ndipo magalimoto ambiri a Ferrari ndi Lamborghini a masiku ano amapitirira 600. Magalimoto oterewa amaoneka kawirikawiri m'mizinda ngati Johannesburg, Cape Town ndi London, pomwe ku Malawi ndi ku Zambia ndi owerengeka. Komabe m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka mumayenda magalimoto ena a khalidwe lofananako, monga Toyota Mark X ya injini ya V6 yomwe imakankha ndi matayala akumbuyo, Toyota Altezza, Subaru Impreza WRX ndi BMW zosiyanasiyana. Zonse zomwe zikufotokozedwa m'pulogalamu ino zikukhudzanso magalimoto amenewa.

Mfundo yaikulu ndi yakuti kugwira kwa tayala kuli ndi malire, ndipo ntchito zitatu zimagawana kugwira komweko: kuthamangitsa galimoto, kuimitsa galimoto ndi kukhotetsa galimoto. Tayala likatanganidwa kwambiri ndi ntchito imodzi, limatsala ndi mphamvu yochepa yogwirira zinazo. Pamsewu wouma malirewo amakhala patali, moti dalaivala amatha kuponda moto ali pokhota popanda chochitika. Pamsewu wonyowa malirewo amayandikira, ndipo injini yamphamvu imawadutsa phazi likangotsika pang'ono.

(Nyimbo)

GAWO LACHIWIRI: KUSIYANA KWA GALIMOTO YOTERE NDI ZINZAKE

Pali zinthu zisanu zomwe zimachititsa kuti galimoto yamphamvu ivute mvula ikamagwa.

Choyamba, ambiri mwa magalimotowa amakankha ndi matayala akumbuyo. Matayala akutsogolo akazungulira pachabe pa galimoto wamba yokankha ndi akutsogolo, galimotoyo imangolephera kunyamuka bwino koma imayang'anabe kutsogolo. Akazungulira pachabe ndi akumbuyo, mbuyo ya galimoto imapatukira kumbali, ndipo ngati dalaivala sanachitepo kanthu msanga galimoto imatembenuka n'kuyang'ana komwe yachokera.

Chachiwiri ndi kukula kwa matayala. Tayala lakumbuyo la Porsche 911 m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 300, pomwe la Vitz ndi 175 kapena kucheperapo. Tayala lalikulu limagwira kwambiri pouma, koma ponyowa limakumana ndi madzi ambiri. Masamu ake ndi osavuta. Pamsewu pakakhala madzi okuya mamilimita awiri okha, galimoto n'kumathamanga makilomita 100 pa ola, tayala la mamilimita 175 liyenera kuchotsa malita pafupifupi 10 a madzi pa sekondi iliyonse. La mamilimita 300 liyenera kuchotsa malita pafupifupi 17.

Chachitatu ndi turbo, chipangizo chomwe chimakankhira mpweya wambiri mu injini. Pa injini zina, makamaka zakale, mphamvu ya turbo siibwera nthawi yomwe phazi latsika. Imachedwa kaye pang'ono, kenako n'kubwera yonse pakamodzi. Porsche 911 Turbo yoyamba, ya mu 1975, inatchuka ndi khalidwe limeneli. Mphamvu ikafika mwadzidzidzi galimoto ili pakati pa kona yonyowa, matayala akumbuyo amataya msewu nthawi yomweyo. Magalimoto amphamvu oyendera magetsi ali ndi vuto lawo lofanana nalo: alibe turbo, koma mphamvu yawo imabwera yonse pongoyamba kuponda.

Chachinayi ndi malo omwe injini imakhala. Pa Porsche 911 injini ili kumbuyo kwenikweni, ndipo pa magalimoto ambiri a Ferrari, Lamborghini ndi McLaren ili pakati, kuseri kwa mipando. Kutsogolo kwa galimoto yotere n'kopepuka, choncho matayala akutsogolo sachedwa kuyandama pamadzi. Komanso dalaivala akachotsa phazi pa moto mwadzidzidzi ali pokhota, kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo n'kupepukidwa, ndipo mbuyo yolemera ija imafuna kupitirira kutsogolo kwa galimoto.

Chachisanu, galimoto yotere imabisa liwiro. Imakhala pansi, siipendekeka pokhota, ndipo pa makilomita 120 pa ola dalaivala amamva ngati akuyenda 80. Galimoto wamba imayamba kugwedezeka ndi kulira, n'kumuchenjeza mwini wake malire asanafike. Yamphamvu imakhala bata mpaka pomwe tayala lasiya kugwira, pa liwiro lomwe kukonza cholakwa kumakhala kovuta.

(Nyimbo)

GAWO LACHITATU: KUYANDAMA PAMADZI NDI NKHANI YA MATAYALA

Mizere yomwe ili pa tayala ndi tingalande totulutsira madzi. Tayala likamagudubuzika, madzi amalowa m'tingalandemo n'kutulukira kumbali ndi kumbuyo, potero tayala limafika pa phula. Madzi akachuluka kuposa omwe tingalande tingatulutse, amaunjikana kutsogolo kwa tayala, n'kulowa pansi pake ndi kulinyamula. Pamenepo tayala silikhudzanso msewu. Chiwongolero sichigwira ntchito, mabuleki nawonso sagwira. Akatswiri amatchula zimenezi kuti aquaplaning.

Bungwe la NASA ku America linafufuza nkhaniyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pofuna kudziwa chifukwa chomwe ndege zinkatererekera potera pabwalo lonyowa. Katswiri wina wa bungweli, Walter Horne, anapeza kuti liwiro lomwe tayala limayandamira limadalira mpweya womwe uli m'tayalamo. Potsatira masamu ake, tayala lopopedwa 32 psi limayandama pa makilomita pafupifupi 94 pa ola madzi akakhala okuya, pomwe lopopedwa 24 psi limayandama pa makilomita pafupifupi 82. Kugwira kumayamba kuchepa liwiro limenelo lisanafike. Zikutanthauza kuti anthu amene amaphwetsako matayala nthawi ya dzinja poganiza kuti agwira bwino phula amadziika pangozi. Mpweya woyenera ndi womwe opanga galimoto analemba pakachikwangwani ka pafelemu la chitseko cha dalaivala kapena kuseri kwa chivundikiro cha thanki ya mafuta, ndipo amauyeza matayala ali ozizira.

Kuya kwa mizere n'kofunikanso chimodzimodzi. Tayala latsopano la galimoto wamba limakhala ndi mizere yakuya mamilimita pafupifupi 8. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union lamulo limaletsa tayala lomwe mizere yake yatsika kupitirira mamilimita 1.6. Pansi pa tingalande pamakhala timabampu tosonyeza mlingo umenewu, ndipo tayala likaperepeseka mpaka kufanana nato ndiye kuti latha. Koma akatswiri ambiri a chitetezo cha pamsewu amalangiza kusintha matayala akafika mamilimita atatu, chifukwa kuyambira pamenepo mphamvu yotulutsa madzi imatsika msanga. Galimoto yamphamvu imadya matayala akumbuyo mofulumira, ndipo kawirikawiri amathera m'mphepete mwa mkati, momwe diso silifika munthu akangoima pambali. Poyendera matayala m'pofunika kuwerama ndi kuona m'lifupi monse.

Mtundu wa tayala nawo uli ndi mbali yake. Magalimoto ena amabwera ndi matayala opangidwira bwalo la mpikisano, monga Michelin Pilot Sport Cup 2 ndi Pirelli P Zero Trofeo R. Matayala amenewa ali ndi mizere yochepa ndiponso yosaya. Pouma ndi potentha amagwira modabwitsa, koma pachithaphwi amayandama msanga. Matayala ogulitsidwa ku Ulaya kuyambira mu 2012 amakhala ndi chikalata chosonyeza momwe amagwirira ponyowa, ndipo chilembo A ndicho chapamwamba. M'mayiko ozizira ngati Britain palinso china: matayala a nyengo yotentha amauma kukazizira kutsika madigiri 7, n'kumagwira mofooka ngakhale mizere ili yonse. Matayala awiri a ekiselo imodzi ayenera kukhala a mtundu umodzi ndiponso otha mofanana, ndipo ngati atsopano ndi awiri okha pa galimoto ya matayala ofanana kukula, amaikidwa kumbuyo.

(Nyimbo)

GAWO LACHINAYI: MALO OTERERA PAMSEWU

Msewu wonyowa suterera mofanana paliponse, ndipo suterera mofanana nthawi zonse. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mvula yangoyamba kugwa patapita masiku ambiri kuli ng'amba. M'miyezi ya chilimwe pa phula pamaunjikana fumbi, oyilo, dizilo ndi tizidutswa ta matayala. Madontho oyamba amasakaniza zonsezi n'kupanga thope lopyapyala losaoneka bwino, lomwe limachoka pokhapokha mvula yamphamvu ikatsuka msewu. Ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia zimenezi zimachitika pa chizimalupsa ndi pa mvula zoyamba za mu Novembala. Ku Gauteng, m'dziko la South Africa, zimachitika mvula yamabingu yoyamba ikagwa nyengo yozizira yopanda mvula itatha.

Penti ya mizere yoyera ndi yachikasu, malo owolokera anthu oyenda pansi, zivundikiro zachitsulo za ngalande, zitsulo zolumikizira milatho, njanji zodutsa msewu ndi masamba ogwa, zonsezi zimaterera kuposa phula. Pamphambano ndi pamaloboti, pomwe magalimoto amaima n'kumadontheza oyilo, pamatereranso. Madzi akamaoneka ndi mitundu ya utawaleza ndiye kuti patayika dizilo kapena oyilo. Pomwe msewu wafumbi ukulowa mumsewu wa phula, mathirakitala, malole ndi ngolo zimabweretsa matope. Phula lakale lomwe lasalala ndi kunyezimira siligwira ngati lokhakhala.

M'misewu yodutsa malole olemera, matayala awo amakumba tinjira tiwiri totsatana ndi msewu, ndipo madzi amadikha m'menemo. Dalaivala wodziwa amayendetsa matayala ake pambali pang'ono pa tinjirato, pomwe phula lakwera. Madzi amadikhanso m'munsi mwa zitunda, pansi pa milatho, m'mphepete mwa msewu ndi mkati mwa kona. Chithaphwi chikagundidwa ndi matayala a mbali imodzi yokha, galimoto imakokeredwa mbali yomweyo, n'chifukwa chake manja onse awiri sayenera kuchoka pachiwongolero. Chithaphwi chimabisanso maenje, ndipo matayala opyapyala a galimoto yothamanga, okhala pa marimu akuluakulu, amaphulika kapena kupinda rimu akagwera m'dzenje lomwe minibasi ikadangodutsa.

(Nyimbo)

GAWO LACHISANU: MAPAZI NDI MANJA A DALAIVALA

Chida choyamba ndi liwiro. Mtunda womwe galimoto imayenda mabuleki atapondedwa sukwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imafuna mtunda woposa kawiri wa yomwe ikuyenda 80. Pa makilomita 100 pa ola galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, limati mtunda woimira umawirikiza kawiri kapena kuposerapo pamsewu wonyowa, choncho mpata wa masekondi awiri omwe amasiyidwa pakati pa magalimoto pouma uyenera kufika masekondi anayi. Mabuleki akuluakulu a galimoto yodula sasintha zimenezi, popeza chomwe chimaimitsa galimoto ndi tayala, ndipo buleki silingaposere pomwe tayala lalekezera.

Ponyamuka, phazi limatsika pang'onopang'ono. Giya yotsika imachulukitsa mphamvu yofika ku matayala, n'chifukwa chake ponyowa magiya amasinthidwa msanga, injini isanakwere kwambiri. Kona yomwe pouma imadutsidwa pa giya yachiwiri, ponyowa ndi bwino kuidutsa pa yachitatu. Pa galimoto ya otomatiki, kuponda moto mpaka pansi kumatsitsa magiya awiri kapena atatu pakamodzi, zomwe zimaponya mphamvu yaikulu ku matayala mosayembekezeka. Ngozi zambiri za magalimoto amphamvu pamvula zimachitika motere, dalaivala akamapitirira lole kapena akamalowa mumsewu waukulu. Batani lonyamukira mwaliwiro, lotchedwa launch control, si la msewu wonyowa. Cruise control nayo imazimitsidwa, kuti phazi likhale lokonzeka kuchepetsa moto madzi akaoneka kutsogolo.

Pokhota pali ndondomeko yake, ndipo imachokera pa mfundo ija yakuti ntchito zitatu zimagawana kugwira kumodzi. Mabuleki amapondedwa galimoto idakali yowongoka, kona isanafike. Giya imatsitsidwanso pomwepo, klatchi n'kutulutsidwa mofatsa, chifukwa kuitaya msanga kumagwira matayala akumbuyo ngati kuti munthu wakoka handibuleki. Kenako chiwongolero chimakhotetsedwa kamodzi, mosadukiza, phazi likungosunga liwiro lomwelo. Moto umawonjezedwa pokhapokha chiwongolero chikayamba kubwerera pakati, ndipo umawonjezedwa molingana ndi momwe chikubwerera. Maso amayang'ana kutali, komwe kona ikuthera, popeza manja amatsata komwe maso alunjika.

Pa mipikisano yomwe, madalaivala odziwika pa mvula ankapambana chifukwa chosachita zinthu mwaphuma. Mu 1968 Jackie Stewart anapambana mpikisano wa Formula One ku Nürburgring m'dziko la Germany, kuli mvula ndi chifunga, atasiya womutsatira ndi mphindi zinayi. Stewart ankadziwika ndi kayendetsedwe kofatsa, kosagwedeza galimoto, ndipo n'komwenso ankaphunzitsa ena atasiya mipikisano.

(Nyimbo)

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: ZIPANGIZO ZOTHANDIZA

Magalimoto amakono ali ndi makompyuta omwe amathandiza tayala likayamba kuterereka. ABS, yomwe makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz anaiika pa galimoto za S-Class mu 1978, imaletsa matayala kuuma gwa mabuleki akapondedwa mwamphamvu. Imagwira ndi kutaya buleki kambirimbiri pa sekondi, moti tayala limapitiriza kugudubuzika ndipo chiwongolero chimamvekabe. Pangozi yadzidzidzi, woyendetsa galimoto ya ABS amaponda buleki mwamphamvu zake zonse osachotsa phazi, ngakhale chopondera chikunjenjemera ndi kulira. Kunjenjemerako n'chizindikiro choti chipangizo chikugwira ntchito. Kupopa buleki kunali kwa magalimoto akale opanda ABS.

Traction control imachepetsa mphamvu ya injini matayala akayamba kuzungulira pachabe. ESC, yomwe makampani ena amaitcha ESP, DSC kapena VSC, inayamba mu 1995 pa Mercedes-Benz. Imayerekeza komwe chiwongolero chaloza ndi komwe galimoto ikupita, ndipo zikasiyana imagwira buleki la tayala limodzi kuti galimoto ibwerere m'njira. Kuyambira mu Novembala 2014 galimoto iliyonse yatsopano yogulitsidwa mu European Union imayenera kukhala nayo. Pa magalimoto othamanga pamakhala batani lozimitsira zipangizozi kapena lozichepetsa mphamvu, lolembedwa Sport, Race kapena Track. Batani limeneli analiikira bwalo la mpikisano. Pamsewu wa anthu onse, mvula ikugwa, zipangizo zonse zimasiyidwa zoyaka. Kanyali kake kachikasu kakamaphethira padeshibodi, ndiye kuti malire a tayala adutsidwa kale ndipo liwiro liyenera kutsika.

Makampani ena anawonjezera makonzedwe a pamvula. Ferrari inayamba kuika kabatani kotembenuza pachiwongolero, kotchedwa manettino, pa F430 ya mu 2004, ndipo malo amodzi a kabatanika ndi a msewu woterera. Porsche 911 yomwe inaonetsedwa koyamba ku Los Angeles mu 2018 ili ndi timakina m'mabowo a matayala akutsogolo tomwe timamva phokoso la madzi othovoka, n'kuchenjeza dalaivala kuti asankhe Wet mode. Makonzedwe oterewa amafewetsa kayankhidwe ka injini ndi kudzutsa zipangizo zoteteza mofulumirirapo.

Komabe zipangizo zonsezi zimagwira ntchito kudzera m'matayala omwewo. Tayala likayandama pamadzi, kompyuta ilibe pogwira. Chimodzimodzinso magalimoto okankha ndi matayala onse anayi, monga Nissan GT-R, Audi quattro ndi Subaru WRX. Amanyamuka bwino ponyowa, ndipo zimenezi zimanyenga dalaivala kuti msewu ukugwira. Poima ndi pokhota alibe mwayi woposa magalimoto ena, chifukwa galimoto iliyonse imaima ndi matayala anayi.

(Nyimbo)

GAWO LACHISANU NDI CHIWIRI: GALIMOTO IKAYAMBA KUTERERA

Kuterereka kulipo kwa mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chochita chake.

Matayala akutsogolo akasiya kugwira pokhota, galimoto imapitirira kutsogolo ngakhale chiwongolero chakhotetsedwa. Mantha amamuuza munthu kuti akhotetse kwambiri, koma kutero kumangowonjezera vuto. Chofunika ndi kuchepetsa moto mofatsa ndi kubweza chiwongolero pang'ono, mpaka matayala atayambanso kugwira.

Matayala akumbuyo akasiya kugwira, mbuyo ya galimoto imapatukira kunja kwa kona. Dalaivala amayang'ana komwe akufuna kupita n'kukhotetsera chiwongolero komweko, kutanthauza mbali yomwe mbuyo ikutererekera, ndipo amachepetsa moto popanda kuutaya wonse pakamodzi. Matayala akangogwira, chiwongolero chimabwezedwa pakati mwachangu. Chikachedwa kubwerera, galimoto imaponyedwa mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo kuterereka kwachiwiriku ndi komwe kawirikawiri kumatulutsa galimoto mumsewu.

Galimoto ikayandama pamadzi, chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi, phokoso la matayala limasintha, ndipo nthawi zina injini imakwera yokha. Apa chiwongolero chimagwiridwa mowongoka, phazi limachoka pa moto pang'onopang'ono, ndipo buleki silipondedwa mwankhanza. Liwiro likatsika, matayala amabwerera pa phula. Ngati abwerera ali okhota, galimoto imalumphira komwe alozako, n'chifukwa chake kupotokola chiwongolero pa nthawi yoyandama n'koopsa.

(Nyimbo)

GAWO LACHISANU NDI CHITATU: KUONA, MADZI OSEFUKIRA NDI NTHAWI YOIMA

Woyendetsa sports car amakhala pansi kwambiri, maso ake ali pa msinkhu wa matayala a lole, pomwe madzi othovoka amachuluka. Mawaipa olimba ndi ong'ambika ayenera kusinthidwa dzinja lisanayambe. Nthunzi ya mkati mwa galasi imachotsedwa poyatsa eyakoni ndi kulozetsa mpweya ku galasi lakutsogolo, popeza eyakoni imaumitsa mpweya. Nyali zakutsogolo zimayatsidwa zotsika, ngakhale masana, kuti ena aione galimoto yaifupi chonchi. Nyali zokweza zimangowalitsa madontho a mvula n'kuthobwa m'maso. Kupitirira lole osaona kutsogolo kwake n'kosaloledwa, ngakhale injini itakhala ndi mphamvu zotani. M'mphepete mwa misewu yambiri ya ku Malawi ndi ku Zambia mumayenda anthu apansi, akabaza ndi ziweto, ndipo mvula ikamagwa anthu amathamanga atafunda maambulera ndi mapepala apulasitiki, osaona bwino kapena kumva galimoto ikubwera.

Madzi odutsa pamsewu ndi ngozi ina payokha. Mimba ya galimoto yothamanga imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 10 mpaka 12 okha, ndipo pa magalimoto ambiri otere polowera mpweya wa injini pali m'munsi. Injini ikakoka madzi imaima pomwepo, chifukwa madzi safinyika ngati mpweya, ndipo zitsulo za mkati zimapindika. Bungwe loona zanyengo ku America, National Weather Service, limachenjeza kuti madzi othamanga okuya masentimita 30 amatha kukokolola magalimoto ang'onoang'ono ambiri. Pamlatho womira kapena pachigwa chosefukira, njira ndi kubwerera kapena kudikira. Ngati madzi ndi osaya ndiponso odikha, galimoto imadutsa pa liwiro la munthu woyenda pansi, pa giya yoyamba, ndipo ikatuluka mabuleki amapondedwa mopepuka kangapo kuti aume. Injini ikazimira m'madzi siyenera kulizidwanso mpaka makaniko aione.

Mvula ikakula mpaka mawaipa kulephera, dalaivala amapatuka pamalo otetezeka, kutali ndi msewu, monga pamalo omwetsera mafuta, osati pansi pa mtengo kapena pokhota. Ngakhale pa Formula One, pomwe tayala limodzi la pamvula la Pirelli limatha kuchotsa malita ambirimbiri a madzi pa sekondi, madzi amapambana nthawi zina. Mu 1976 ku Fuji m'dziko la Japan, Niki Lauda anaimika Ferrari yake mpikisano utangoyamba chifukwa cha mvula, ndipo ukatswiri wa chaka chimenecho unapita kwa James Hunt ndi pointi imodzi. Mu 2014 ku Suzuka, galimoto ya Jules Bianchi inatuluka m'bwalo lonyowa n'kugunda thirakitala yomwe inkachotsa galimoto ina, ndipo iye anamwalira mu Julayi 2015 ndi mabala a ngoziyo. Mu 2021 ku Spa-Francorchamps m'dziko la Belgium, mpikisano unathetsedwa magalimoto atangozungulira kangapo pambuyo pa galimoto yotsogolera.

Luso lobweza galimoto yoterereka siliphunziridwa pamsewu wa anthu onse. Amaliphunzira pabwalo lothiridwa madzi mwadala, pomwe palibe chogunda, mlangizi ali pambali. Ku South Africa maphunziro otere amachitikira m'malo ngati Kyalami ndi Zwartkops ku Gauteng, ndipo ku Ulaya makampani ambiri opanga magalimoto amphamvu ali ndi sukulu zawozawo. Wophunzira amayeserera kuponda ABS mpaka pansi, kumva mbuyo ya galimoto ikamapatuka, ndi kuona kusiyana kwa mtunda woimira pa liwiro losiyanasiyana. Amene alibe mwayi wa maphunziro amenewa ayenera kudalira zinthu zomwe zili m'manja mwa dalaivala aliyense: matayala a mizere yokwanira ndi mpweya woyenera, zipangizo zoteteza zosazimitsidwa, liwiro lotsika, mpata wa masekondi anayi kapena kuposerapo, ndi kuimika galimoto mvula ikaposa muyeso.